Kukongoletsa Ziwiya za M'kalasi ndi Zithunzi Zodula

M'phunziro la lero la ntchito zamanja tikamba za luso lokongoletsa zinthu pomatapo zithunzi zodula. Afalansa amalitcha decoupage, kuchokera ku mawu awo otanthauza kudula.

Tayang'anani pa tebulo la aphunzitsi anu. Pali katoni ya choko, chitini cha mapensulo ndi kaundula wa mayina. Chiyambire chaka cha 2022, pamene boma linachotsa malipiro m'sukulu zake, ana achuluka m'makalasi, ndipo chiwiya chimodzi chimadutsa m'manja ambiri. Katoni yosakutidwa imang'ambika msanga. Koma mukaimata mapepala ndi kuipaka vanishi imalimba, monga mmene dothi limalimbitsira nkhokwe. Chotero ntchitoyi ili ndi phindu pawiri: ikongoletsa, itetezanso.

Lusoli ndi lakale. M'zaka za m'ma 1700 amisiri a mumzinda wa Venice ku Italy ankamata zithunzi zosindikiza pa makabati, nazipaka vanishi kambirimbiri, kuti afanane ndi katundu wamtengo wapatali wochokera ku China. Ku England, mayi Mary Delany anayamba kudula mapepala ali ndi zaka 72, napanga zithunzi za maluwa pafupifupi 1,000. Zambiri mwa izo zikusungidwa ku British Museum ku London.

Inu zipangizo muli nazo pafupi: nyuzipepala zakale, makalendala otha ntchito ndi zidutswa za chitenje zotsala kwa telala. Ana a ku Nyimba, kumene nthochi zimagulitsidwa m'mbali mwa msewu waukulu wa Great East, ali ndi mwayi wina. Makungwa ouma a thunthu la nthochi ali ndi mawanga oyera, ofiirira ndi akuda. Sankhani opyapyala, muwatsendereze ndi mwala usiku umodzi, ndipo mudulemo nyumba, nsomba za mu Luangwa kapena zilembo za dzina la kalasi lanu.

Chomatira phikani nokha. Sungunulani supuni imodzi ya ufa wa chinangwa m'kapu ya madzi ozizira, muike pamoto mukutakasa mpaka phala lionekera mbee ndi kunanda, kenaka lizizire.

Tsopano tsatirani bwino. Tsukani chitini, chiume. Chikuteni ndi pepala losalembapo. Yalani zithunzi zanu pamwamba musanamate, kuti muone pamene chilichonse chikhale. Pakani phala pang'ono kumbuyo kwa chithunzi, muchiike pamalo pake, ndipo musalaze ndi chala kuchokera pakati kupita m'mbali kuti mpweya utuluke. Mpweya ukatsalira, pepala limatukuka ndi kung'ambika. Yanikani pamthunzi, pakuti dzuwa limapinda katoni.

Zikauma, aphunzitsi apake vanishi mopyapyala katatu, kudikira kuti woyamba aume asanapake wina. Izi zichitike panja, chifukwa fungo la vanishi limapweteka mutu. Musadumphe gawo limeneli: phala la ufa ndi chakudya cha mphemvu ndi chiswe, ndipo m'dzinja limachita nkhungu. Ngati vanishi palibe, guluu woyera wa akalipentala wosakaniza ndi madzi pang'ono athandiza. Nthawi yabwino ya ntchitoyi ndi miyezi youma, kuyambira Meyi mpaka Okutobala.

Pali lamulo limodzi losaphwanyika: musadule chithunzi m'buku la sukulu. Tsamba limene mwadula lero ndi phunziro limene mng'ono wanu adzalisowa chaka chamawa.

Aphunzitsi, gawani ana m'magulu a anayi, gulu lililonse litenge chiwiya chimodzi cha m'kalasi. Pakutha kwa temu muyerekeze katoni yomatidwa ndi ina yosamatidwa, ndipo ana afotokoze okha zimene aona. Tsalani bwino mpaka phunziro lotsatira.