Dopplr: Bwalo la Apaulendo Limene Linafota M'manja mwa Nokia

Akuluakulu amati mapiri okha ndiwo sakomana, koma iwo amene ntchito yawo ili yokwera ndege sabata ndi sabata, lero ku msonkhano wa ku Berlin, mkuja ku San Francisco, amadziwa kuti mabwenzi a zaka zambiri angathe kugona mumzinda umodzi, kapenanso m'khwalala limodzi, nadzuka m'mawa yense kutenga njira yake, osadziwa kuti mnzake anali pafupi. Chisoni chaching'ono chimenechi ndicho chinabala Dopplr, kampani ya pa intaneti imene inayamba m'chaka cha 2007, mwendo wina ku London, mwendo wina ku Helsinki m'dziko la Finland, ndipo ngakhale inatsekedwa kalekale, amisiri a makompyuta amaitchulabe mwaulemu wosayembekezeka pa kanthu kamene kanakhala ndi moyo zaka zisanu ndi chimodzi zokha.

Mwa oyiyambitsa munali Matt Biddulph, wolemba mapulogalamu, Matt Jones, wokonza maonekedwe, mayi Lisa Sounio amene anali mkulu wake woyamba, ndi Marko Ahtisaari, mwana wa Martti Ahtisaari, uja anali pulezidenti wa Finland kuyambira 1994 kufikira 2000 nalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2008. Nzeru yawo inali yapafupi ndithu. Munthu ankalemba mzinda umene akupita ndi masiku amene akakhaleko, nasankha yekha anthu oyenera kuona maulendo akewo. Tsono Dopplr, poona kuti awiri odziwana adzapezeka malo amodzi nthawi imodzi, inkawatsina khutu ulendo usanayambe, kuti apangane za chakudya chamadzulo. Pamene Facebook ndi Twitter zinkafunsa munthu zimene akuchita tsopano lino, Dopplr inkafunsa za mawa, ndipo kusiyana kumeneku sikunali kochepa, pakuti mlendo ndi mame, ndipo kumva kuti wafika iye atanyamula kale chikwama kubwerera sikupindulitsa aliyense.

Chimene chinali chokoma koposa, m'kuona kwanga, chinali kudziletsa kwake. Kuuza wina za maulendo ako sikunamkakamize iyeyo kukuuza ake, ndipo panalibe mpikisano wowerenga kuchuluka kwa abwenzi. Poyamba munthu ankalowa pokhapokha ataitanidwa, kufikira chakumapeto kwa 2007 pamene khomo linatsegulidwa kwa onse. Eni ake anazindikira kuti kunena tsiku limene udzachoka pakhomo ndiko kunenanso tsiku limene nyumba idzatsala yopanda mwini, chinthu chimene anyamata ena a ku Netherlands anadzachionetsa poyera mu 2010 pokhazikitsa tsamba lotchedwa Please Rob Me, losonkhanitsa mauthenga a anthu amene ankalengeza okha pa Foursquare ndi Twitter kuti sali kwawo.

Panalinso tizokometsera timene sitinabweretse ndalama, koma tinakopa mitima. Mzinda uliwonse unali ndi mtundu wakewake, wotuluka m'masamu ochitidwa pa zilembo za dzina lake, kotero kuti chizindikiro cha Dopplr pa tsamba la munthu chinkasintha mitundu monga mwa maulendo ake. Mu 2008 anaonjezera chowerengera mpweya woipa umene maulendo a munthu atulutsa, mothandizana ndi kampani ya AMEE. Ndipo potenga mtunda wonse umene munthu wayenda m'chaka ndi kuugawa ndi nthawi, ankamuuza nyama imene liwiro lake likufanana ndi lake, nthabwala yofatsa imene inaseketsa ambiri. Mu Januwale 2009 aliyense analandira lipoti la chaka chake chatha, lojambulidwa mwaluso kotero kuti ena analipachika pakhoma, ndipo pofuna kuonetsa chitsanzo anakonza lipoti lotere la maulendo a Barack Obama a m'chaka chimene ankachita kampeni. Iwo amene masiku ano amalandira chidule cha nyimbo zimene amvera chaka chonse kuchokera ku Spotify angaone kuti mwambowu si wa dzulo.

Komatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Anthu oyenda maiko kawirikawiri chotere ndi ochepa padziko, ndipo iye amene amakwera ndege kamodzi pachaka, kukaona abale pa Khirisimasi, analibe chifukwa chobwerera ku tsambalo mwezi wotsatira. Bwalo lotere limakoma pokhapokha anzako onse alipo, ndipo amene analipo anali makamaka a gulu limodzi, amisiri ndi atolankhani ozungulira misonkhano imodzimodzi. Tsidya lina la nyanja, ku San Francisco, kunali TripIt, imene inayamba ndi ntchito yonyozeka koma yofunika kwa munthu ngakhale alibe bwenzi ndi mmodzi yemwe: ukaitumizira makalata otsimikizira tikiti ya ndege ndi chipinda cha kuhotela, inkakusanjira ulendo wonse pa tsamba limodzi. Mu 2011 kampani ya Concur inagula TripIt pa mtengo wofika madola 120 miliyoni, ndipo ikugwirabe ntchito kufikira lero.

Dopplr inali itagulitsidwa kale. Mu Seputembala 2009 inagwa m'manja mwa Nokia, imene masiku amenewo mafoni ake anali m'matumba a anthu kuyambira ku Helsinki kufikira kumisika ya kuno kwathu, koma imene inali itayamba kumva kutentha kwa iPhone ndi Android. Nokia sinaulule mtengo, ngakhale atolankhani ananena za mayuro pakati pa 10 ndi 15 miliyoni. Zotsatira zake zinaonetsa msanga kuti chimene wogulayo anafuna chinali anthuwo: Ahtisaari anakhala mkulu wa okonza maonekedwe a mafoni a Nokia, Biddulph anasamukira ku Berlin kukagwira ntchito za mapu, ndipo Jones anali atalowera ku kampani yaing'ono ya BERG ku London. Tsambalo linasiyidwa loyaka, koma ngati munda umene mwini wake wapita kukalima kwa mfumu. Silinaonjezeredwe kanthu kooneka, ndipo ogwiritsa ntchito anachoka mmodzimmodzi popanda wowaitana kuti abwerere.

Sindiweruza eni ake chifukwa chogulitsa, pakuti chaka chimenecho chuma cha dziko lonse chinali chitangogwedezeka, ndipo kampani yaing'ono yopanda njira yodziwika yopezera phindu sikadakana msanga dzanja lotambasuka chotere. Mlandu ndiuika kwa wogula, amene anali ndi mapu, mafoni mamiliyoni ndi chuma chokwanira kuyesa ngati nzeruyo ikadakula kupitirira gulu lake loyamba, koma sanayese. Mu Febuluwale 2011 Stephen Elop, mkulu watsopano wa Nokia, anatembenuzira kampaniyo ku Windows Phone, ndipo pakati pa mavuto aakulu otere panalibenso wokumbukira kabwalo ka apaulendo. Mu Seputembala 2013 kunalengezedwa kuti Microsoft igula gawo la mafoni la Nokia pa mayuro 5.44 biliyoni, Ahtisaari anatsazika m'nyengo yomweyo, ndipo pa 1 Novembala 2013 Dopplr inatsekedwa.