Kampeni Kakang'ono ka M'thupi ndi Nkhondo ya Malungo

Munthu akadya nsima ya kondowole ndi usipa, chakudyacho sichiloŵa m'magazi chili chathunthu. Nsomba, nyemba ndi mazira zili ndi mapuloteni, amene kapangidwe kake kali ngati mikanda yotungidwa pa ulusi wautali. M'matumbo muli enzaimu yotchedwa aminopeptidase, imene imagwira ntchito ngati kampeni: imadula mkanda umodziumodzi kuyambira ku nsonga ya ulusi, ndipo thupi limatola mikandayo nkumangira mnofu ndi magazi.

Mtundu wina wa kampeni kameneka, wotchedwa ERAP1, umathandiza asilikali a m'thupi. M'chaka cha 2002 akatswiri a ku America anaonetsa kuti kachirombo kakabisala m'kati mwa selo, ERAP1 imasadza zidutswa za kachiromboko mpaka zitatsala mikanda 8 kapena 9. Selo limaika chidutswacho kunja ngati chizindikiro, ndipo asilikali akachiona amapha selo lodwalalo matenda asanafalikire.

Tsoka lake nlakuti kachirombo ka malungo nakonso kali ndi kampeni kake. Nkhaniyi ikukhudza kwambiri anthu a m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, kumene madambo ndi minda ya mpunga zimaswetsa udzudzu. Kachiromboka kakaloŵa m'selo lofiira la magazi, kamadya gawo loposa theka la puloteni yofiiritsa magazi, ndipo aminopeptidase yake ndiyo imatsiriza kuduladula chakudyacho. Pakatha maola 48 selo limaphulika, mwana amatentha thupi, ndipo magazi ake amayamba kuchepa.

M'chaka cha 2009 akatswiri a pa Monash University ku Australia anafotokoza maonekedwe enieni a enzaimu imodzi ya kachiromboka, yotchedwa PfA-M1. Cholinga chao nkupeza mankhwala obunthitsa kampeni ka kachirombo popanda kukhudza ka munthu, kuti kafe ndi njala. Mankhwala otere akali kuyesedwa, ndipo sanafike m'zipatala.

Kufufuzaku nkofunika chifukwa kachirombo ka malungo kamazoloŵera mankhwala. Dziko la Malaŵi linasiya kolokwini mu 1993 nkuyamba Fansidar, ndipo mu 2007 linasiyanso Fansidar nkuyamba LA. Mu 2020 ku Rwanda kunapezeka tizirombo tochedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa LA.

Kotero LA ayenera kusamalidwa. Mwana akatentha thupi apite naye ku chipatala tsiku lomwelo kukayezetsa magazi. Akapatsidwa LA amwe kaŵiri pa tsiku kwa masiku 3, atayamwa kapena atadya phala la nsinjiro, ngakhale ataoneka kuti wachira. Mayi wosunga mapiritsi otsala kuti adzamwetse mwana wina amasiya tizirombo tolimba tili moyo m'magazi a mwana woyambayo. Ukonde wa udzudzu nawo ndi wogonamo usiku uliwonse, si wokokera usipa ku nyanja ai.