Koleji ya pa intaneti: kalasi yopanda belu imayenda bwanji?

Ambiri mwa inu amene muli fomu 3 ndi fomu 4 mwamvapo kuti masiku ano munthu atha kutenga digiri ali kunyumba, bola akhale ndi foni kapena laputopu. Zimenezi n'zoona ndithu. Koma popeza nkhaniyi imakhudza ndalama za makolo komanso zaka zanu, tiyeni tione bwinobwino mmene zimayendera.

Kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi sikunayambe ndi intaneti ayi. Yunivesite ya UNISA ku South Africa inayamba kuphunzitsa anthu kudzera m'makalata mu 1946. Ku Britain, Open University inakhazikitsidwa mu 1969, ndipo ophunzira ake oyamba mu 1971 ankalandira mabuku pa positi, n'kumatsatira maphunziro pa wailesi ndi pa TV. Kwathu kuno tili ndi Malawi College of Distance Education, imene yathandiza anthu ambiri kulemba mayeso asali pa sukulu ya tsiku ndi tsiku. Chimene intaneti yasintha ndi liwiro. Ntchito imene kale inkayenda masabata pa positi, lero imafika kwa mphunzitsi m'masekondi ochepa.

Ndiye kalasiyo imakhala kuti? Imakhala mu kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene simazima usana ndi usiku. Mukalembetsa, koleji imakupatsani dzina lolowera ndi mawu achinsinsi. Makoleji ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu ya Moodle, imene Martin Dougiamas wa ku Australia anaitulutsa mu 2002. Mukalowa mumapeza zinthu zitasanjidwa sabata ndi sabata: manotsi, mavidiyo, mafunso oyeserera, malo ofunsirana ndi anzanu, ndi potumizira asayimenti. Sevayo imalemba nthawi yeniyeni imene mwatumiza ntchito yanu, ndiye zija zoti "ndinapereka koma aphunzitsi anataya" pamenepa sizigwira.

Maphunziro ake amabwera m'njira ziwiri. Ena ndi a pompopompo: mphunzitsi akulankhula pa Zoom kapena Google Meet, inu mukumvera nthawi yomweyo ndipo mutha kufunsa. Ena amajambulidwiratu, mumaonera nthawi imene mwapeza mpata, n'kumabwereza pamene simunamvetse. Kwa munthu amene netiweki imamuvuta kapena magetsi amathimathima kwawo, ojambulidwiratuwa ndiye abwino, chifukwa mumawatsitsa mu foni kamodzi basi.

Poti ndine mphunzitsi wa Physics, sindingadutse osakuuzani mmene mawu a mphunzitsi wa ku London amafikira m'khutu lanu. Kamera ndi maikolofoni zimasandutsa chithunzi ndi mawu kukhala manambala awiri okha, 0 ndi 1. Manambalawa amayenda ngati kuwala kothwanima m'tizingwe ta galasi topyapyala ngati tsitsi, totchedwa optical fibre. Kuwalako sikuthawira kunja chifukwa cha total internal reflection, yomwe ija timajambula pa bolodi. M'galasimo kumathamanga pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi. Malawi alibe gombe, choncho zingwe zathu zimadutsa m'maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique kukalumikizana ndi zingwe za pansi pa nyanja ya mchere. Kagawo komaliza, kuchoka pa nsanja ya netiweki kufika pa foni yanu, ndi ka mafunde a wailesi.

Tsopano tiwerengere limodzi za bandulo, chifukwa apa ndi pamene thumba limalira. Tiyerekeze kuti vidiyo ikudya megabit imodzi pa sekondi. Ola lili ndi masekondi 3,600, ndiye kuti ma megabit 3,600. Byte imodzi ili ndi ma bit 8, choncho tikagawa ndi 8 tipeza 450 MB. Maola awiri okha, 1 GB yatsala pang'ono kutha. Koma mukamvera mawu okha pa ma kilobit 64 pa sekondi, ola lonse limadya pafupifupi 29 MB. Mwaona kusiyana kwake? Ngati mphunzitsi akungolankhula osalemba kanthu, chepetsani kuwala kwa vidiyo kapena tsitsani mawu okha ndi manotsi.

Nanga amachonga ndani? Mafunso osankha yankho ndi a masamu okhala ndi yankho limodzi amachongedwa ndi kompyuta nthawi yomweyo. Chimangirizo ndi lipoti amawerenga mphunzitsi. Mayeso akuluakulu ena amalembedwa pa malo amene koleji yasankha, pali woyang'anira, ndipo ena mumalemba kunyumba kamera ikukuonani. Pa maphunziro ofuna manja monga unamwino kapena uinjiniya, labu ndi chipatala sizilowa mu foni. Pamafunika masabata oti mukaoneke nokha.

Chimene ambiri sachiganizira ndi nthawi. Ku Britain, kosi iliyonse imayezedwa ndi ma credit, ndipo credit imodzi imaimira maola 10 ophunzira. Chaka chimodzi cha digiri ndi ma credit 120, kutanthauza maola 1,200. Kosi ya ma credit 30 ndi maola 300. Mukaigawa m'masabata 30, ndi maola 10 sabata iliyonse. Maola amenewa sachepa chifukwa choti muli pa intaneti. Chachoka ndi belu, yunifomu, ndi aphunzitsi oima pa geti ndi kaundula.

Kuti muone kulemera kwa belu, tamvani izi. Mu 2012 yunivesite ya MIT ku America inaika pa intaneti kosi ya Circuits and Electronics, yophunzitsidwa ndi Anant Agarwal ndi anzake, yaulere kwa aliyense. Analembetsa anthu pafupifupi 155,000 ochokera m'maiko ambiri. Amene anafika kumapeto n'kulandira satifiketi anali opitirira pang'ono 7,000. Pa anthu 100 alionse, osakwana 5. Ena anangolowa kudzaona, zoona, poti kulembetsa kunali kwaulere. Koma chiwerengerochi chimationetsa kuti kuyamba n'kophweka, ndipo palibe amene amabwera kudzakudzutsani mukasiya.

Kosi imeneyi ikutikumbutsanso china. Makosi aafupi a pa edX kapena Coursera, mapulatifomu amene onse anayamba mu 2012, nthawi zambiri amapereka satifiketi yosonyeza kuti mwamaliza phunziro limodzi. Imeneyo si digiri. Digiri imafuna kuti koleji ikulandireni malinga ndi zotsatira zanu za MSCE, mulipire fizi, ndipo muphunzire zaka zingapo. Musanapereke ngakhale kwacha imodzi, fufuzani ngati kolejiyo ndi yovomerezeka. Ku Malawi ntchito yovomereza makoleji ndi maphunziro awo ili m'manja mwa National Council for Higher Education. Ngati sukuluyo ndi yakunja, funsani ngati pepala lake limadziwika kwawoko komanso kuno. Wina akakulonjezani digiri ya miyezi itatu yopanda mayeso, ameneyo akufuna ndalama zanu basi.

Ngati mukuganizira njira imeneyi mukamaliza fomu 4, mutha kudziyesa panopa. Sankhani mutu umodzi wa Physics umene umakuvutani, kaya ndi magetsi kaya ndi mafunde. Pezani maphunziro ake aulere pa Khan Academy kapena m'buku lanu lomwelo, lembani pa pepala masiku atatu pa sabata ndi ola lenileni, ndipo muchite zimenezo masabata anayi popanda wokukumbutsani. Pamapeto pake werengani masiku amene munakhaladi pansi. Nambala imeneyo ikuuzani ngati mwakonzeka kuphunzira m'kalasi yopanda belu, kapena ngati pali chizolowezi choti muyambe kuchikonza chaka chino.