Kampu ya ana ku New York: m'mawa masamu, masana mpira

Sukulu za boma mumzinda wa New York zimatseka kumapeto kwa Juni, n'kudzatsegulidwa mu Seputembala. Kwa mwana, imeneyi ndi miyezi iwiri ya mtendere. Kwa mayi amene amalawirira mbandakucha kukasamalira okalamba kapena kukakolopa m'maofesi, ndi mutu waukulu. Mwana atsala ndi ndani m'nyumba yosanja, yopanda bwalo, kopanda agogo kapena azakhali oti n'kumuyang'anira?

Yankho la mzindawu ndi Summer Rising, kampu yaulere yoyendera, imene inayamba mu 2021 pamene Bill de Blasio anali meya, ana atangotuluka m'chaka chophunzirira pa kompyuta chifukwa cha Covid-19. Imalandira ana a sukulu ya mkaka mpaka giredi 8, ndipo kuyambira 2022 yakhala ikupereka malo pafupifupi 110,000. Mwana sagona komweko. Amapita m'mawa, madzulo n'kubwerera kwawo.

Tsiku limayamba 8 koloko ndi chakudya cham'mawa, chaulerenso: kabokosi ka mkaka, chipatso, ndi kena kotafuna. Musachione chochepa. Ana ambiri mumzindawu amadalira chakudya cha kusukulu, ndipo sukulu ikatseka mimba sipita nawo pa tchuthi. Akakhuta, aphunzitsi a boma amawatenga mpaka masana, Lolemba mpaka Lachinayi, kuwabwereza kuwerenga ndi masamu. Apa ndi pamene ana ena amakwinya nkhope, poti kunja kukuwala dzuwa la Julayi, nthawi imene kwathu kuno timakhala tikuothera moto.

Masana zinthu zimatembenuka. Aphunzitsi amachoka, ana n'kutsala m'manja mwa alangizi ochokera kumabungwe a m'madera, ambiri mwa iwo achinyamata. Gulu lina lili pabwalo ndi mpira wa basketball, lina likupenta, manja ali mbuu ndi utoto, lina likuphunzira gule kapena sewero loti lidzaonetse makolo. Kukatentha kwambiri, ena amapita kupaki yapafupi kumene kuli mipope yopopera madzi m'mwamba, ana n'kumathamanga pansi pake ali chikuwe, nsapato zili m'manja.

Ine ndimaona kuti mtima wa kampuyi uli m'maola amenewa. Mwana wamanyazi, amene chaka chonse sakweza dzanja m'kalasi, ndiye amapezeka akutsogolera anzake pa gule. Wobwera kumene m'dzikomo, Chingerezi chikumuvutabe, amapeza mnzake woyamba pa mpira, poti kupatsirana mpira sikufuna galamala. Amene amati masewera ndi kutaya nthawi sanaonepo mwana akuphunzira kudikira nthawi yake, kapena kugonja osalira.

Lachisanu kulibe makalasi, ndipo nthawi zambiri ndilo tsiku la maulendo: kumalo osungirako nyama, kunyumba zosungiramo zinthu zakale, kumapaki akuluakulu. Mukawaona m'sitima yapansi panthaka simungawasokoneze. Onse avala matisheti a mtundu umodzi, ayenda awiriawiri, mlangizi wina kutsogolo wina kumbuyo. Asanakwere amawawerenga, akakwera awawerenganso, akatsika chimodzimodzi, chala chikuloza mutu ndi mutu. Wina akangosowa pa chiwerengero, palibe amasuntha. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ndipo alangiziwa ndi oyenera kuwavulira chipewa.

Pofika 6 koloko madzulo makolo amakhala ali pakhomo, ena akadali mu yunifolomu ya kuntchito. Mwana saperekedwa kwa munthu wamba, koma kwa yekhayo amene dzina lake linalembedwa pa fomu. Amatuluka atanyamula chithunzi chimene wajambula, botolo lamadzi lopanda kanthu, ndi nkhani zosatha.

Chodandaulitsa n'chakuti malo sakwana. Kulembetsa kumachitika miyezi ingapo sukulu zisanatseke, ndipo ofuna malo akhala akuchuluka kuposa malowo, moti mabanja ena amangotsala pa mndandanda wodikira. Kholo limene mwana wake sanatengedwe limayenera kufuna kampu yolipira, ndipo zambiri mwa zimenezo mumzindawu zimadya madola mazanamazana pa sabata imodzi.