MANO OIKIRIRA OPANGIDWA NDI KOMPYUTA: MUSAYANG'ANE KUYERA KOKHA

Munthu akazulitsa mano awiri kapena atatu a kutsogolo, cimene cimamubvuta si kutafuna kokha ai. Amaleka kuseka pagulu, ndipo polankhula dzanja limathamangira pakamwa. Ndico cifukwa cake anthu ambiri m'makomboni mwathu, akapeza kandarama, amapita kukaikitsa mano. Pofika kumeneko funso lao limakhala limodzi: kodi manowo adzaoneka ngati enieni? Funsoli ndi labwino, koma pali lina limene ambiri safunsa, ndilo lakuti, kodi manowo ndi osalala motani? Pa tsamba lathu la zaumoyo lero tifotokoza za kunja kwa mano oikirira, makamaka aja amene masiku ano apangidwa ndi makina olamulidwa ndi kompyuta.

Mmene amapangidwira

Njira yakale, imene ikali kugwira nchito m'zipatala zambiri, ndi yakuti dotolo wa mano amaika phala lofewa m'kamwa mwa munthu kuti lidinde mmene nkhama ndi mano otsala zakhalira. Pambuyo pake mmisiri amaumba mano ndi manja, potsata cidindoco. Kuno kwathu amisiri otere anali kuphunzira pa Dental Training School ku Lusaka. Njira yatsopano ndi yakuti dotolo amayendetsa kakamera m'kamwa, ndipo cithunzi ca m'kamwa monse cimaonekera pa kompyuta. Dzino amalijambula pa kompyuta pomwepo, kenaka makina ndiwo amalipanga.

Makinawa ali a mitundu iwiri. Oyamba ndi osema. Amatenga cibuma colimba, nkucisema ndi timipeni tozungulira kufikira dzino litatuluka. Ku Zurich, m'dziko la Switzerland, dotolo wa mano Werner Mörmann ndi injiniya Marco Brandestini anapanga makina ochedwa CEREC, ndipo wodwala woyamba anathandizidwa nao mu 1985. Aciwiri ndi osanja, amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti 3D printer. Awa amagwiritsa nchito pulasitiki wamadzimadzi amene amauma akawalitsidwa ndi kuunika. Makina amaumitsa kamzere kamodzi, nkusanjapo kena pamwamba pake, kenanso pamwamba, mpaka cinthu conse citatha. Chuck Hull wa ku America analandira cikalata ca umwini wa njira imeneyi mu 1986.

Tsono amene anaonapo cipupa ca njerwa cisanapakidwe pulasitala adziwa kale mmene cinthu cosanjidwa cimaonekera: mizere yokhayokha. Dzino losanjidwa ndi makina nalonso limatuluka ndi mizere, kungoti ndi yaing'ono kwambiri. Mukatenga milimita imodzi nkuigawa zigawo 1,000, cigawo cimodzi cimachedwa micron. Kamzere kamodzi ka makina opanga mano kamakhala ma micron 50 mpaka 100, pafupifupi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Dzino losemedwa silikhala ndi mizere yotere, koma limatsala ndi zipsera za timipeni tija, monga mmene kasemasema amasiyira zipsera pa mtondo watsopano.

Cifukwa ninji tida nkhawa ndi timizere?

Cifukwa tizirombo ta m'kamwa ndi tating'ono koposa timizereto. Kacirombo kamodzi kamakhala pafupifupi micron imodzi cabe. Kwa iko, mzere umene inu simungauone ndi maso uli ngati mgula wobisalamo. Malovu satha kukacotsa, ndipo mswaci umangodutsa pamwamba. Mu 1997 akatswiri a mano a ku Leuven, m'dziko la Belgium, atasonkhanitsa zofufuza zambiri anapeza kuti kukhakhala kukapitirira ma micron 0.2, litsiro la tizirombo limayamba kuunjikana moculuka. Muyeso umenewu ndiwo madotolo a mano amatsata kufikira lero. Dzino longocotsedwa kumene m'makina, lisanasalazidwe, limapitirira muyesowu.

Motero kompyuta siimaliza nchito yokha. Mmisiri wosamala amayamba kuganizira za kusalala makina asanayatsidwe. Amasankha mizere yopyapyala, ngakhale kuti kutero kumacedwetsa nchito. Amasankhanso mmene cinthuco cidzapendekera m'makina, pakuti kapendekedwe kamasintha malo amene mizere idzaonekera kwambiri. Palinso timizati timene makina amamanga kuti ticirikize cinthuco pamene cisanjidwa. Timeneti akatithyola timasiya tizipsera, cotero mmisiri amatiika pa malo amene adzatha kusalaza bwino, osati pa mbali yokhudza nkhama.

Cikatuluka m'makina cimakhala conata. Amacitsuka mu sipiriti kuti pulasitiki wosauma acoke, kenaka amaciika m'kabokosi ka kuunika kuti ciume mpaka mkati. Apa ndi pamene othamanga amalakwitsa. Pulasitiki wosauma bwino amakhala wofewa, amasintha mtundu msanga, ndiponso angathe kuwawula nkhama. Pomaliza ndi posalaza: amayamba ndi zokwecha zokhakhala, nkumatsika pang'onopang'ono kufika pa ufa wosalala wa mwala ndi kagudumu ka nsalu.

Ena amadulira njira mwa kupaka mankhwala onyezimira pamwamba, monga vanishi pa tebulo. Mankhwala otere alipo obvomerezeka, ndipo tsiku loyamba mano amaoneka okongola zedi. Koma ife tiona kuti kupaka sikulowa m'malo mwa kusalaza. Copakaco cimatha ndi kutafuna ndi kutsuka, ndipo cikatha, mizere imene inakwiriridwa imabwereranso poyera. Kunyezimira ndi kusalala ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Nkhani yomweyi imaoneka pa mano a zirconia, aja olimba ngati mwala amene amabvekedwa pa dzino loonongeka. Makina amasema dzinolo likali lofewa ngati coko, ndipo amalisema lokulirapo mwadala, cifukwa likaochedwa m'ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 1,500 limafota ndi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena kuposerapo pang'ono. Tsiku lokubvekani, dotolo angalipale pang'ono kuti nsagwada zikumane bwino. Malo opalidwawo ayenera kusalazidwanso musanacoke pa mpando. Akasiyidwa okhakhala, amagwira nchito ya tupa pa dzino lanu lenileni limene limakumana nalo, nkumalidya tsiku ndi tsiku. Zirconia wosalazidwa bwino sadya dzino linzake kwambiri, ngakhale ndi wolimba motero.

Mbali imene siisalazidwa

Pali cinthu cimodzi cimene obvala mano ocotseka ayenera kudziwa. Mbali ya mkati, imene imakhala pa nkhama kapena kumwamba kwa kamwa, mmisiri saisalaza monga mmene acitira ndi mbali ya kunja. Atati aikweche, manowo angakhwepe nkuyamba kugwedera. Motero mbali imeneyi imakhalabe ndi timizere take, ndipo ndi yobisika, yofunda, yonyowa usana wonse.

Mmenemu ndimo mumakonda kumera kabowa kosaoneka ndi maso kochedwa Candida. Kakaculuka, nkhama ndi kumwamba kwa kamwa zimafiira, ndipo kufiirako kumatsata ndendende malire a mano oikirirawo. Kawirikawiri sipamveka kuwawa, ndiye munthu amatha miyezi osadziwa. Ena amang'ambika m'mbali mwa milomo, ena amayamba kununkha m'kamwa. Bvutoli limagwira msanga okalamba, osuta fodya, odwala matenda a shuga, ouma m'kamwa, ndi amene ali ndi kacirombo ka HIV makamaka ngati citetezo ca thupi catsika. Mankhwala ake alipo ku cipatala, koma ngati mano oikirirawo sanayeretsedwe, matenda amabwerera mankhwala akangotha, popeza kabowa kaja kanatsala m'mizere.

Ndico cifukwa cake madotolo amati mano ocotseka azibvulidwa usiku. Tidziwa kuti ena amacita manyazi, makamaka m'nyumba za cipinda cimodzi mmene ana ndi adzukulu amaona zonse. Koma ku Japan, kafukufuku wofalitsidwa mu 2015, amene anatsata nkhalamba 524 za zaka 85 kapena kuposerapo, anaonetsa kuti ogona ndi mano oikirira m'kamwa anadwala cibayo kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi amene amabvula. Tizirombo tocokera m'kamwa timatsikira m'mapapo munthu ali mtulo. Amene musunga agogo panyumba, iyi ndi nkhani yanu.

Kusankha mtundu

Tibwere tsopano pa maonekedwe, pakuti naonso ndi ofunika. Mano obvala amene mwini acita nao manyazi amathera m'kapu.

Dzino lenileni silikhala la mtundu umodzi. Cakufupi ndi nkhama limakhala lacikasu pang'ono, ndipo kunsonga limalola kuwala kudutsa ngati galasi la nkhungu. Pamwamba pake pali timafunde tosaoneka bwino timene timamwaza kuwala. Dzino loikirira likakhala loyera mbee ponseponse ndiponso lathyathyathya, limaoneka ngati batani la malaya, ndipo aliyense amalizindikira ali patali. Mmisiri waluso amajambula timafunde tija pa kompyuta mwadala, kenaka nkutisalaza ndi manja. Apa pasakhale cisokonezo: timafunde tosalala sitisunga litsiro, cosunga litsiro ndi kukhakhala. Zibuma zina zosemera mano zimapangidwa kale ndi mitundu yosanjikizana, yodera pansi ndi yoyererako pamwamba, ndipo mmisiri amathanso kupentapo mitundu ina asanaoche dzinolo komaliza.

Posankha mtundu, dotolo amayandikizitsa timano tacitsanzo pa mano anu. Todziwika kwambiri ndi ta kampani ya VITA ya ku Germany, tokhala ndi mitundu 16, kuyambira A1 mpaka D4. Ambiri amangoloza koyeretsetsa. Musatero ngati mukali ndi mano anu ena, cifukwa dzino latsopanolo lidzakhala ngati mlendo pakati pa anzake. Pemphani kuti mtundu usankhidwe pafupi ndi windo, pa kuwala kwa usana, pakuti pansi pa getsi mitundu iwiri yosiyana ingaoneke yofanana. Amai ayambe apukuta zopaka pa milomo. Dzino lanu likhale lonyowa, cifukwa likauma limaoneka loyera kuposa mmene liliri. Ndipo dziwani kuti mankhwala oyeretsa mano sasintha mtundu wa dzino loikirira. Umene mwasankha ndi womwewo.

Palinso mtundu wa nkhama zoikirira. Pulasitiki wofala kwambiri ndi wofiirira motuwa, pamene ambiri a ife anthu akuda tili ndi nkhama zodera kapena za mawanga akuda, ndipo zimenezi si matenda. Pulasitiki wodera alipo. Ngati nkhama zanu zimaonekera mukaseka, funsani za iye nchito isanayambe.

Zimene zimaononga kusalala panyumba

Mmisiri angathe kusalaza bwino, koma nchito yake nkuonongeka m'sabata imodzi cabe ya kutsuka kolakwika. Phulusa, makala opera, mcere, mcenga ndi ufa wokwechera mapoto zimakanda pulasitiki. Tsiku limenelo mano amaoneka oyera, koma zikandezo ndizo zimayamba kugwira tiyi ndi fodya, munthu nkumakwecha mwamphamvu koposa, bvuto nkumakulirakulira. Ngakhale mankhwala otsukira mano a masiku onse ali ndi timcenga tosalala timene ndi tabwino pa dzino lenileni koma timakanda mano ocotseka. Cokwanira ndi mswaci wofewa, sopo wopanda fungo lamphamvu ndi madzi ozizira kapena ofunda pang'ono. Tsukani mbali zonse, makamaka ya mkati ija, ndipo tsukirani pamwamba pa beseni la madzi kuti akapulumuka m'manja asasweke. Musaiwale kutsukanso nkhama, lilime ndi mano anu otsala.

Madzi owira amapinda pulasitiki, ndipo mano opindika sawongokanso. Jiki wosasungunula amasuwitsa mtundu wa nkhama zoikirira ndi kudya tizitsulo togwirira. Usiku ikani manowo m'kapu ya madzi oyera ozizira, nkusintha madziwo tsiku lililonse.

Nanga ngati pena pakukulani kapena pakulasani? Musatenge leza, tupa kapena sandipepa. Mudzacotsadi polasapo, koma mudzasiya malo okhakhala amene simungathe kuwasalaza panyumba, ndipo mwina manowo adzakhwepa. Akasweka musawamate ndi guluu wa m'sitolo. Bwererani nao kwa amene anakubvekani. Ndi cifukwa cina coonetsetsa, musanalipire, kuti munthuyo ndi wolembetsedwa ku bungwe la Health Professions Council of Zambia ndipo ali ndi malo odziwika kumene mungamupezenso.

Tsiku lolandira mano, gwiritsani nchito lilime lanu. Nsonga ya lilime imatha kumva kukhakhala kwa pafupifupi theka la micron, kumene diso silingaone. Liyendetseni pa mano onse, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mphepete. Pamene likodwa kapena kumva ngati mcenga, uzani dotolo asalazepo pomwepo. Mano akale amene ataya kuwala angathenso kusalazidwa ku cipatala ca mano popanda kugula atsopano, ngati akali kukukwanani bwino. Koma mukaona cilonda m'kamwa cimene catha masabata awiri osapola, kapena malo ofiira kapena oyera osacoka, pitani ku kiliniki mosacedwa, ndipo mutenge mano oikirirawo kuti naonso akaonedwe.