Mbusa Woimira Mlendo

Kodi mbusa achite chiyani mlendo akamasakidwa ngati nyama?

Ku Johannesburg, Bishopu Paul Verryn anatsegula tchalitchi cha Central Methodist kuti othawa kwawo, makamaka a ku Zimbabwe, azigonamo. Nthawi zina munkagona anthu oposa 2,000. Apolisi atalowamo usiku mu Januwale 2008 nagwira ambiri, bishopuyo anawadzudzula poyera. M'Meyi chaka chomwecho anthu 62 anaphedwa pa chipolowe chothamangitsa obwera, Amalawi ambiri nabwerera kumudzi chimanjamanja. Zitseko za tchalitchicho sizinatsekedwe.

Ena ankadandaula kuti nyumba ya Mulungu yadetsedwa. Komatu Yesu yemwe, ali khanda, anathawira ku Aigupto. Motero mbusa wolankhulira mlendo akutumikira Mbuye wake.