Asilikali a Chiroma: Zida Zakale, Zodula ndi Zolemera Kuposa Zonse

Nyengo ya Lenti imawapeza anthu a ku Kasungu ali kalikiliki ndi fodya: kuthyola, kusoka, kupachika m'zigafa, kusankha, kudinda mabelo opita ku Chinkhoma. Komabe madzulo achinyamata a m'matchalitchi amapatula nthawi yokonzekera sewero la masautso a Yesu la pa Lachisanu Loyera. Mwinjiro wa Pilato suvuta, telala amausoka tsiku limodzi. Woimika mitu ndi msilikali wa Chiroma: chisoti cha katoni chomata pepala lonyezimira, chapachifuwa cha chiguduli, mkondo wa nsungwi. Luso limeneli n'lofunika kulilemekeza, ndipo limakula mmisiri akadziwa mmene zida zenizeni zinalili. Nazi zimene zaposa zinzake padziko lonse.

Chisoti chodula kuposa zonse

M'mwezi wa Meyi 2010, munthu wina wofunafuna zitsulo zokwiririka anapeza chisoti chamkuwa m'munda wa ku Crosby Garrett, kumpoto kwa England. Chili ndi nkhope ya mnyamata wa tsitsi lopotana, ndipo chinatuluka m'nthaka chili zidutswazidutswa. Atachilumikiza, anachigulitsa pa okushoni ya Christie's ku London mu Okutobala chaka chomwecho pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 2.3 miliyoni. Sichinali chomenyera nkhondo. Okwera pamahatchi ankachivala pa masewera oonetsa luso pamaso pa khamu. Ndiye kuti Aroma eniake ankadziwa kukoma kwa chionetsero.

Chishango chimodzi chokha

Chishango chachitali, chamakona anayi, chopindika, chija timaona m'mafilimu, chinatsala chimodzi chokha chokhala ndi utoto wake. Anachifukula ku Dura-Europos, ku Syria, mzinda umene Aperisi anaugonjetsa cha m'ma 256, ndipo lero chili ku yunivesite ya Yale ku America. N'chotalika pafupifupi masentimita 105. Anachipanga pomata timatabwa topyapyala m'magawo atatu opingasana, n'kukuta ndi chikopa, n'kupaka utoto wofiira, chiwombankhanga pamwamba, mkango pansi. Kalipentala wodziwa pulayiwudi ndi guluu ali pafupi kwambiri ndi luso la mmisiri wa Chiroma.

Malaya achitsulo akale kuposa onse

Malaya a malamba achitsulo osanjikizana akale kwambiri mwa amene anatsala pafupifupi athunthu anapezeka mu 2018 ku Kalkriese, ku Germany. Malowa ambiri amati ndi pamene Ajeremani otsogozedwa ndi Arminius anapululira magulu atatu ankhondo a kazembe Varus m'chaka cha 9 A.D. Koma amene anatsegula maso amisiri ndi bokosi lamatabwa lomwe linafukulidwa ku Corbridge mu 1964. M'menemo munali malaya otere, mahinjesi ndi zingwe zachikopa zikuonekabe polumikizira, ndipo katswiri wa zida zakale H. Russell Robinson anatengera pamenepo posula ena atsopano ovalika.

Okonza sewero la Lachisanu Loyera amve ichi: Pilato, amene analamula Yudeya kuyambira 26 mpaka 36, analibe magulu akuluakulu a nzika za Roma. Asilikali ake anali othandizira, ambiri olembedwa ku Kaisareya ndi ku Sebaste. Otere kawirikawiri ankavala malaya a timphete tachitsulo tolukana, chishango chawo chili chophwatalala, chozungulira motalika. Chimenecho n'chosavuta kucheka.

Nsapato zochuluka ndi yaikulu kuposa zonse

Pa linga la Aroma la Vindolanda, pafupi ndi Khoma la Hadrian kumpoto kwa England, afukula nsapato zachikopa zoposa 5,000. Dothi lakumeneko n'lonyowa ndipo sililowa mpweya, n'chifukwa chake chikopa sichinawole. Mu 2025, pa linga loyandikana nalo la Magna, panatuluka nsapato yotalika masentimita 32.6. Kunsi kwa nsapato ya msilikali ankakhomako timisomali ta mitu yozungulira kuti isathe msanga. Kalata ina yolembedwa pa kathabwa ku Vindolanda imatchula masokosi, nkhwayira ndi zovala zam'kati zimene wina anatumizira msilikali. Nawonso ankamva chisanu, ankadikira katundu wochokera kwa abale.

Ulendo wowawa kuposa onse

Mu 1985, pokumbukira zaka 2,000 za mzinda wa Augsburg ku Germany, katswiri wa mbiri yakale Marcus Junkelmann ndi anzake anavala zida za Chiroma n'kuyenda pansi kuchokera ku Verona, ku Italy, kudutsa mapiri a Alps mpaka ku Augsburg, mtunda wa makilomita pafupifupi 500. Aliyense anasenza katundu woposa makilogalamu 40: zida, chishango, poto, chakudya. Ndi katundu wosatalikirana kwenikweni ndi thumba la feteleza. Zimene mabuku sakanatha kunena, monga pamene lamba amatupitsa phewa, anazidziwa ndi thupi.

Okhalitsa kuposa onse

Gulu lovala ngati asilikali a Chiroma la Ermine Street Guard la ku Gloucestershire, ku England, linayamba mu 1972 pa chionetsero cha m'mudzi, ndipo lero ndi limene anzawo amayezerapo ntchito yawo. Ngakhale tenti ya zikopa za mbuzi anaisoka pamanja. Koma pa sewero la masautso palibe woposa mudzi wa Oberammergau ku Germany. Mliri utawagwera mu 1633 analumbira kwa Mulungu, anayamba kusewera mu 1634, ndipo amabwereza pafupifupi zaka khumi zilizonse. Amuna amasunga tsitsi ndi ndevu kwa chaka chathunthu, kupatula osewera ngati Aroma.

Zathu zopambana

Kuvala usilikali wakale si chinthu chachilendo kuno. Fodya akagulitsidwa, dzinja litapita, mabwalo a ku Kasungu, Dowa ndi Ntchisi amalira mganda. Amuna amafola m'mizere, makabudula ndi malaya ali ositidwa bwinobwino, masokosi ofika m'mawondo, nsapato zili mbee, mabadza azipanda akulira motsanzira malipenga a bandi. Guleyu, pamodzi ndi malipenga a Atonga ndi beni wa Ayao, anatengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, ndipo anafala makamaka amuna atabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Angoni nawo amatulutsa zishango zachikopa, zibonga ndi nthenga pa Umthetho ku Hora ndi pa Nc'wala ku Mtenguleni, ku Zambia.

Pa chinthu chimodzi tawaposa anzathu akunja: iwo amafunsa dothi, ife tikadali ndi agogo oti tiwafunse. Koma zida zambiri za Aroma zinali zachitsulo ndi zamkuwa, pamene zathu ndi nsalu, chikopa ndi chipanda, chakudya cha chiswe ndi njenjete. Magulu a mganda, mafumu ndi aphunzitsi a mbiri asadikire maliro a katswiri womaliza. Ajambule mmene badza amaboolera, alembe maina a amisiri, ndipo yunifolomu yakale kuposa zonse m'mudzi aichape, aiike pouma, kapena aipereke kosungira zakale monga ku Chichiri ndi ku Kungoni ku Mua, kuti mdzukulu wofuna kusoka yake adzakhale ndi potengera.